Musanatsegule madzi, yang'anani mwini boti

Linali Loweruka la mu June, chaka changa choyamba pa ngalande ya Leeds and Liverpool ku England. Boti lathu tinali titalimangirira kumunsi kwa loko, chipinda cha madzi chokwezera ndi kutsitsira maboti, tikudikira kuti boti lobwereka limene linali m'katimo likwere, lituluke, ife tilowe. M'boti lija munali banja: bambo pa chiwongolero, ana awiri atakhala kumphuno kwa boti, mayi ali kumtunda akulimbana ndi chitsulo chotsegulira madzi, thukuta lili kamukamu. Kwathu munthu suonerera mnzako akuvutika kusenza mtolo iwe manja ali m'thumba. Ndinathamanga, n'kukoleka windlass yanga, kachitsulo kopindika ngati chigongono komwe timapukusira, n'kupukusa mpaka kumapeto. Sindinafunse munthu. Sindinasuzumire n'komwe pansi kuti ndione pamene boti laima.

Chimene ndinatsegulacho linali bowo la pachitseko penipeni, pamene madzi m'loko anali akadali pansi. Anatuluka ngati mathithi n'kugwera pafupi ndi ana aja. Boti linabwerera m'mbuyo, kenaka madzi omwewo analikoka n'kukaliwombetsa kuchitseko chakutsogolo, gu! Ndinamva makapu akusweka m'katimo, mwana wamng'ono n'kuyamba kulira. Akaputeni athu, mayi wachikulire amene anayamba kuyendetsa maboti ine ndikadali kusukulu, anakuwa kuti nditsitse, ndipo ndinatsitsa manja akunjenjemera. Palibe anavulala. Ana ananyowa, bambo aja nkhope inachita kuyera, ndipo ndinawapepesa kangapo.

Akaputeniwo sanandikalipire pagulu. Tsiku lonse anayendetsa boti ngati palibe chachitika, ndipo madzulo okwera onse atatsika, tikupinda zingwe, ndi pamene anandiyandikira. Anati, "Bambo, mtima wanu ndauona, ndi wabwino. Koma boti limene lili m'loko lili ndi mwini wake. Musanagwire chitsulo, muyang'aneni m'maso, mudikire akweze chala. Ndipo mukatsegula, maso anu asachoke pa botilo mpaka madzi atafanana." Papita zaka tsopano, ndawerenga timabuku ta malamulo, ndalemba mayeso, ndaima m'mvula pa maloko ambiri, koma sindinapezepo lamulo la pa ngalande limene silichokera m'mawu amenewa.

Ndine wa ku Nkhotakota. Ndinakula ndikuona amalume akukankhira bwato m'madzi m'bandakucha, ndipo Ilala ikafika tinkathamangira kugombe kukaonerera timaboti take tikututa anthu ndi matumba. Nditabwera kuno ku Bradford kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, sindinaganize kuti ndidzagwiranso chingwe cha boti. Anandikoka ndi agogo ena a kuntchito kwathu amene tinawaperekeza pa ulendo wa tsiku limodzi wa pa ngalande. Agogowo, amene masabata ambiri sankayankhula, tsiku limenelo anayamba kutchula mayina a mafakitale amene tinkadutsa, mpaka kuloza chimphona cha Salts Mill ku Saltaire n'kunena kuti mayi awo ankaluka nsalu mmenemo. Mwezi wotsatira ndinakalembetsa kukhala wongodzipereka pa boti la kagulu kena kothandiza anthu. Boti lathu lili ndi chikepe chokwezera wilutcheya, ndipo limanyamula anthu osapitirira 12: okalamba, anthu aulumali, nthawi zina ana a sukulu. Tonse ogwira ntchito m'botimo sitilandira kanthu.

Mawu oti loko asakusokonezeni, si loko wa pachitseko cha nyumba ayi. Ngalande ndi mtsinje wokumbidwa ndi manja, ndipo madzi ake sayenda, amangokhala phee. Ndiye ikafika pa chitunda, boti limakwera ndi masitepe a madzi. Loko ndi chipinda chachitali cha miyala chopanda denga, chokhala ndi zitseko zamatabwa olemera kumtunda ndi kumunsi. Boti likalowa, mumatseka zitseko, n'kutsegula timabowo tolowetsa madzi kuchokera kumtunda, ndipo boti limakwera ndi madziwo mpaka lifanane ndi ngalande ya pamwamba. Potsika mumachita zomwezo mobwerera. Pa ngalande yathuyi, imene inatha kukumbidwa mu 1816 ndipo ndi yotalika mamailosi 127, maloko ambiri ali ndi mabowo a mitundu iwiri. Ena amadutsa m'khoma n'kutulutsira madzi pansi, ena ali pachitseko. Pokwera mumayamba ndi apansiwo, pang'onopang'ono, ndipo a pachitseko mumawasiya mpaka madzi atakwera n'kuwamiza. Ine tsiku lija ndinayambira kumapeto.

Potsika, choopsa chili kumbuyo. Pansi pa zitseko zakumtunda pali sitepe ya miyala yotulukira m'kati mwa loko, imene eni ake amaitcha cill. Loko akadzaza sioneka, n'chifukwa chake pakhoma pamalembedwa mzere woyera wosonyeza pamene yathera. Boti likatsalira kumbuyo kwa mzerewo madzi akutsika, thako lake limakhala pa sitepeyo, mphuno n'kumapitirira kutsika, ndipo pa mphindi imodzi kapena ziwiri madzi amakhala alowa. Pafupifupi chaka chilichonse timamva za boti limene lamira motero. Mankhwala ake ndi amodzi okha: amene ali kumtunda aone msanga, atsitse zotsegulira zonse nthawi yomweyo. Munthu amene watsegula madzi n'kutembenuka kukacheza ndi odutsa m'njira, kapena kutulutsa foni kuti ajambule, wasiya moyo wa anthu pa mzere woyera uja popanda mlonda.

Botilo nalonso si galimoto. Ndi chitsulo cholemera matani 15 kapena 20, chopanda mabuleki. Ukafuna kuima umabweza injini m'mbuyo n'kudikira, ndipo pobwerera m'mbuyo chiwongolero sichimva bwino. Ukakankhira chiwongolero kumanzere, mphuno imapita kumanja, ndipo boti limazungulira pakati pake, kotero mphuno ikapita uku, thako limapita uko n'kukakhula chilichonse chimene chili pafupi. Mphepo ikaomba m'mbali, boti lalitali limakhala ngati chinsalu. Zonsezi zimachitika pa liwiro la munthu woyenda pansi, chifukwa malire a liwiro pa ngalande zambiri ndi mamailosi 4 pa ola, ndipo kuchedwa kumeneku n'kumene kumanyenga anthu. Amaona ngati chinthu choyenda chonchi sichingapweteke munthu. Koma mwendo ukalowa pakati pa boti ndi khoma, matani 20 sasamala kuti akuyenda pang'onopang'ono. Choyamba chimene timauza aliyense wokwera ndi choti asayese kuletsa boti ndi dzanja kapena phazi. Lisiyeni ligunde, penti tidzapakanso.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri m'dziko la mapepala ndi ziphaso ngati lino n'chakuti munthu angathe kubwereka boti lalitali mamita 20 popanda laisensi iliyonse yoyendetsera. Eni maboti amamuonetsa zoyenera kwa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, n'kumupatsa makiyi. Amene ali ndi boti lakelake amalipira laisensi ya botilo ku Canal & River Trust, bungwe limene linatenga ngalande za ku England ndi Wales kuchokera ku British Waterways mu 2012, ndipo botilo limayesedwa za gasi, mafuta ndi moto zaka zinayi zilizonse. Koma woyendetsayo sayesedwa. Akafuna, amakachita maphunziro a tsiku limodzi kapena awiri a bungwe la za maboti la Royal Yachting Association (RYA), akapanda kufuna palibe womukakamiza. Zinthu zimasintha ukayamba kunyamula anthu. Boti lonyamula anthu opitirira 12 liyenera kuyendetsedwa ndi munthu wokhala ndi Boatmasters' Licence yochokera ku Maritime and Coastguard Agency, ndipo kuti aipeze amayesedwa ngakhale za thanzi lake. Ife a maboti a timagulu tothandiza anthu tili pakati. Akaputeni athu ambiri ali ndi satifiketi ya National Community Boats Association, ndipo enafe timaphunzitsidwa ndi kagulu kathu komwe. Ndiye pa loko mmodzi, Loweruka limodzi, pamakumana munthu amene wagwira chiwongolero dzulo, munthu amene amakhala m'boti chaka chonse, wolipidwa wa chiphaso m'thumba, ndi ife mavolontiya a majekete oyandamitsa. Palibe wapolisi wa pamsewu. Chimene chimatigwirizanitsa ndi khalidwe basi.

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri pakati pa anzanga ongodzipereka, ndipo amandipweteka: "Ife ndife mavolontiya chabe." Amanenedwa munthu akafika mochedwa, akalumpha kuyendera injini m'mawa, akaiwala kuwerenga okwera asananyamuke, kapena akakana kubwereza maphunziro opulumutsa munthu wogwera m'madzi ponena kuti anachita kale chaka chatha. Ndikumvetsa kumene mawuwa amachokera. Munthu wapereka Loweruka lake, walipira yekha basi, ndiye wina azimulondalonda ngati wolembedwa ntchito? Koma agogo amene ali pa wilutcheya m'kati mwa boti sangadzipulumutse okha, ndipo madzi akayamba kulowa safunsa kuti amene ali pachitsuloyo amalandira malipiro kapena ayi. Ana awo potipatsa kholo lawo m'mawa satichotsera kanthu pa chiyembekezo chawo chifukwa choti ndife aulere. Ine ndimaona kuti wongodzipereka ayenera kudzigwira kuposa wolipidwa, chifukwa wolipidwa amayendetsa masiku asanu pa sabata, manja ake amakumbukira okha, pamene ife timabwera kawiri pa mwezi, ndipo nyengo yozizira yonse boti limakhala lili pa doko. Pofika mwezi wa April manja amakhala aiwala, ngakhale mutu ukuti ukudziwa.

Pa ngalande yathu yomweyi, pafupi ndi mudzi wa Gargrave, pali loko wotchedwa Steg Neck. Mu August 1998 boti lotchedwa Drum Major linkatsika pamenepo, litanyamula anthu aulumali ndi owasamalira awo pa ulendo wa tchuthi. Mphuno ya boti inakodwa pachitseko madzi akutsika, boti linapendekeka, madzi analowa, ndipo pa mphindi zochepa linamira. Anthu anayi aulumali anafera m'katimo. Bungwe la boma lofufuza ngozi za pamadzi, la Marine Accident Investigation Branch, linafufuza nkhaniyi, ndipo mpaka lero imatchulidwa pophunzitsa oyendetsa maboti ngati lathu. Sindilemba izi kuti ndiloze chala owasamalira aja. Anali anthu a ntchito ngati yanga, amene anafuna kuti anzawo aone dziko, apume mpweya wa kumudzi. Tsiku loyamba kudutsa pa loko ameneyu ndinaima kumtunda nditagwira windlass, ndikuyang'ana khoma lobiriwira ndi ndere, dzuwa likuwala, nkhosa zikudya m'munda wapafupi. Malowo ndi okongola, ndi abata, ndipo palibe chimene chingakuchenjeze. Kuyambira pamenepo ndinaleka kuona ngati chovuta lamulo la kagulu kathu loti boti likakhala m'loko, munthu mmodzi aime pa chotsegulira chilichonse chimene chatsegulidwa, wina akhale m'kati ndi okwera, wina ayang'ane mphuno, ndipo aliyense, ngakhale wobwera lero, ali ndi ufulu wokuwa kuti titsitse popanda kufunsidwa chifukwa.

Koma olipidwa nawonso ali ndi matenda awo, ndipo sindiwabisira. Tsiku lina tinaima m'mbali mwa ngalande kuti okwera adye nkhomaliro. Pamalopo panalibe mphete zomangirira, ndiye tinakhoma zikhomo m'dothi lonyowa ndi mvula. Mnzanga anali akuthira tiyi, ndipo pa chikepe panali bambo wina pa wilutcheya amene tinkamutsitsa kuti akaone abakha. Kunatulukira boti lalikulu lonyamula alendo olipira, woyendetsa wake atavala yunifolomu, nyimbo zikulira, ndipo sanatsitse injini ngakhale pang'ono. Amene sanakhalepo m'boti loima sadziwa chimene chimachitika. Ngalande ndi yosaya ndi yopapatiza, ndiye boti loyenda limakankha madzi kutsogolo kwake n'kuwayamwa m'mbali. Boti loima limakokedwa uku, kenaka uko, zingwe n'kukungika ngati uta. Chikhomo chathu chakutsogolo chinazuka, mphuno inatayikira pakati pa ngalande, tiyi wotentha anakhuthukira pa mkono wa mnzanga, ndipo bambo aja anagwedezeka pa chikepe ife titawagwira awiri. Woyendetsa uja anatikwezera dzanja ngati moni n'kupitirira.

Ndikudziwa chimene chinkamuthamangitsa. Ali ndi nthawi yoikika, gulu lina likumudikira pa doko, bwana akuyang'ana wotchi. Ndikudziwanso kuti boti amalidziwa kuposa ine. Ndinamuonapo akulowetsa chimphona chimenecho pansi pa mlatho wopapatiza osakhudza khoma, mphepo ikuomba. Koma luso limene limathera pa boti lako lokha, osafika pa boti la mnzako, ine sindiliyesa luso lokwanira. Kutsitsa injini mpaka pansi podutsa maboti oima si ulemu wongokometsera ngati kuvula chipewa. M'maboti amenewo muli mapoto pa moto, muli ana ogona, muli munthu amene waima pa chikepe. Ndipo kutsitsako kumayambira patali, usanafike, chifukwa madzi amene wakankha amafika iwe usanafike. Akaputeni athu anayimbira foni eni boti lija madzulo ake, mwaulemu, n'kufotokoza zimene zinachitika. Sabata yotsatira linatidutsa injini ikungonong'ona.

Pali olipidwa ena amene ndimaphunzirako zambiri pongowaonerera: amene amayenda ndi boti lodzaza malasha, dizilo ndi gasi, kugulitsa kwa anthu okhala m'maboti nyengo yozizira. Boti lodzaza limamira kwambiri, silingachoke pakati pa ngalande pamene pali pakuya, ndiye ukakumana nalo umalipatsa njira ngakhale lamulo likuti aliyense agwire kudzanja lake lamanja. Anthu amenewa sathamanga pa loko, koma amatha msanga kuposa tonsefe, chifukwa palibe phazi limene amaponda pachabe. Sindinaonepo mmodzi wa iwo akusiya windlass ili pa chitsulo, pamene ingathe kuzungulira yokha n'kuthyola munthu mano, kapena kugwetsa chotsegulira kuti chimenyeke pansi, phwa! Amachitsitsa ndi dzanja mpaka chikhale.

Tsopano ndibwerere kwa ife eni. Mavolontiya a pa ngalande ali ndi chifukwa chonyadira, ndipo chifukwacho ndi chachikulu. Sitima za pamtunda ndi malole zitalanda katundu, ngalande zambiri zinasanduka dzala. Chisanu cha 1962 mpaka 1963 chinaumitsa madzi kwa masabata ambirimbiri, maboti a katundu osayenda, ndipo malonda amene anatsala sanadzukenso. Amene anakana kuti ngalande zikwiriridwe anali anthu wamba. Robert Aickman ndi Tom Rolt anayambitsa Inland Waterways Association mu 1946, ndipo kuyambira 1970 gulu la Waterway Recovery Group lakhala likutenga anthu a maofesi, ophunzira ndi opuma pantchito kukafukula matope ndi kumanganso makoma pa Loweruka ndi Lamulungu. Kuno kwathu kumpoto, ngalande ya Huddersfield Narrow inatsegulidwanso mu 2001, ya Rochdale mu 2002, patapita zaka zambiri anthu akuzimenyera nkhondo. Popanda manja aulere, olipidwa a lero sakanakhala ndi madzi oyendamo.

Kunyada kumeneku kukapitirira kumabala mtima woti loko ndi wanga. Ndaonapo wongodzipereka woyang'anira loko akulanda windlass m'manja mwa mayi amene wayenda pa ngalande zaka 30, n'kuyamba kumuphunzitsa mokweza pamaso pa anthu. Ndaonapo wina akutsegula madzi onse kamodzi kuti mzere uthe msanga, boti la munthu woyenda yekha likuvinavina m'katimo. Ameneyu ndi ine wa tsiku lija, kungoti wavala yunifolomu. Chonsecho chiphunzitso chimene oyang'anira maloko ongodzipereka amalandira n'chomveka: funsa kaye ngati akufuna thandizo, ndipo mwini boti ndiye amalamula za boti lake. Ena amafuna kuchita okha chifukwa n'chimene anabwerera, ena amaopa, ena ali ndi njira yawo yogwirira chingwe imene iwe suidziwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pa loko phulalo amadya ndi wina, amene ali pansi m'botimo. Oyang'anira abwino, ndipo ndi ambiri, umawadziwa ndi mmene amafikira: amayamba apereka moni, afunsa kumene mwachokera, kenaka n'kuima pa chitsulo manja ali pansi mpaka woyendetsa atakweza chala.

Kukumana kwa ongodzipereka ndi eni ntchito si kwa lero. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amuna atapita kunkhondo, atsikana ena a m'tauni analembetsa kuyendetsa maboti a katundu pa ngalande ya Grand Union. Ankakhala atatu pa maboti awiri, lina la injini likukoka linzake, kunyamula zitsulo kuchokera ku London kupita ku Birmingham, n'kubwerera ndi malasha a m'migodi ya kufupi ndi Coventry. Anapeza mabanja amene anabadwira m'maboti, makolo ndi ana onse akugona m'kachipinda kosakwana mamita atatu m'litali, ambiri osadziwa kulemba chifukwa boti silinkaima pa sukulu. Anthu amenewa anali ndi mwambo wawo wolimba, ndipo obwerawo anayenera kuuphunzira pamodzi ndi chiwongolero. Sukwera pa boti la mnzako usanaitanidwe. Ukafuna mwini wake umagogoda m'mbali mwa chipinda n'kudikira kumtunda. Ukakakamizika kudutsa pa boti lake kuti ufike pa lako, umapempha, n'kudutsira kutali ndi khomo, maso osasuzumira m'kati. Nditamva zimenezi koyamba ndinangoti, uyu ndi odi. Ndi mwambo womwewo umene amayi anandiphunzitsa, woti nyumba ya mnzako ngakhale ilibe mpanda umaima pabwalo n'kuodira. Mwambowu ukadalipo pakati pa okhala m'maboti, ndipo wongodzipereka watsopano aliyense ndimamuuza tsiku loyamba, chifukwa alendo ambiri amaona boti lopakidwa maluwa n'kuliyesa chidole chojambulirapo zithunzi, kuiwala kuti ndi nyumba ya munthu.

Za madzi ndinene mwachidule, ngakhale ndi nkhani yaikulu. Boti lililonse likadutsa pa loko, malita oposa 100,000 amatsikira kumunsi ndipo sabwereranso. Madzi a ngalande yathu amachokera m'madamu a kumapiri, a kufupi ndi Foulridge ndi la Winterburn, ndipo mu 2018 ndi mu 2022 mvula itasowa, zigawo zina zinatsekedwa kwa masabata. Ndiye ukafika pa loko n'kupeza madzi ake akonzekera boti lochokera mbali inayo, ndipo botilo likuoneka, umalidikira. Kukhuthula lokoyo kuti ulowe iweyo msanga, eni ake amati waba loko. Maloko athu ndi otakata, maboti awiri opapatiza amakwanamo, ndiye umadikira mnzako mulowe limodzi. Potuluka umatseka zitseko ndi mabowo onse, pokhapokha ngati wina akubwera kudzalowa. Sumangirira boti pa malo otsikira a loko kuti uphike tiyi, kapena pa mpopi wa madzi kuti ugone. Boti likamangiriridwa, injini ndi jenereta zimazimitsidwa 8 koloko usiku mpaka 8 koloko m'mawa. Pa milatho yokankha ndi manja, imene ili yambiri pakati pa Bingley ndi Skipton, ukatsegula n'kuona boti lina kumbuyo, umaligwirira lidutse, ndipo nalonso likafika pa mlatho wotsatira limakugwirira iwe.

Mwezi watha tinakwera Bingley Five Rise. Ndi maloko asanu olumikizana ngati makwerero, chitseko chakumtunda cha uyu ndiye chakumunsi cha winayo, ndipo amakweza boti mamita 18 kuyambira pamene anatsegulidwa mu 1774. Pamenepa sudutsa wekha, pamakhala oyang'anira, chifukwa kulakwitsa ndondomeko kumasefukiritsa madzi pa njira kapena kusiya boti pa matope. Tsiku limenelo panali woyang'anira wolipidwa mmodzi ndi mavolontiya awiri. Akaputeni athu aja miyendo inayamba kuwavuta, ndiye anakhala pa mpando kumbuyo, chiwongolero n'kundipatsa ine. Tinalowa limodzi ndi boti lobwereka la anyamata anayi amene anali atangoyamba ulendo dzulo lake, ndipo woyendetsa wawo milomo inali itauma ndi mantha. Ndinamuuza kuti aike boti lake pambali pa lathu, agwire chingwe osachimanga, ndipo aziyang'ana ine.

Loko woyamba mukakhala pansi pake mumakhala ngati muli m'chitsime. Makoma akuda akudontha, kumwamba kukuoneka kachigamba, chitseko chakutsogolo chitatalika ngati nyumba yosanja, madzi akuchucha m'ming'alu yake. M'kati mwa boti lathu munali okalamba asanu ndi atatu ndi owasamalira atatu, mnzanga ali nawo, wina ali kumphuno. Pamwamba penipeni ndinaona mtsikana wongodzipereka, wa zaka ngati 20, atakoleka windlass yake pa chitsulo. Woyang'anira wolipidwa uja anali pambali pake, sanamuuze kanthu. Mtsikanayo sanapukuse. Anawerama, n'kundiyang'ana ine, kenaka mnyamata wa boti linalo, n'kudikira. Ndinafunsa mnyamatayo ngati wakonzeka, anagwedeza mutu. Ndinayang'ana kumphuno, mnzanga anakweza dzanja. Ndinakweza chala, ndipo mtsikanayo anapukusa kawiri kokha n'kuima, maso ake ali pa maboti athu, madzi n'kuyamba kufufuma pansi pathu mwakachetechete.